Amayi Sachoka pa Mtsinje

Nanjemoy, Maryland
14 Malichi 2019

Okondedwa Achemwali Corinne,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Tucson. Kuno tadzuka, kungoti kukuzizirabe. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandiposa mawu, ndipo ndimapezeka ndavomera zimene mtima wanga ukukana.

Nkhani ndi iyi: Amayi sabwera. Malo amene mwawapezera ku nyumba yosamalira okalamba kwanuko apatsidwe ena.

Musanakwiye, imvani kaye. Chichitireni opaleshoni ya chiuno ija ndakhala ndikutsata zonse zimene tinagwirizana. Makapeti ndinachotsa, kubafa ndinakhomako zogwirira, mankhwala awo ndimawakonza ndekha ndisanapite kuntchito ku famase, kogulitsa mankhwala kuja. Makiyi a galimoto ndinabisa. Amayi sanadandaule. Ankangokhala pawindo, mabotolo awo a mano a shaki, zinsomba zolusa za m'nyanja zija, ali pambali, osawakhudza n'komwe. Chakudya ankangochitosa ndi foloko. Ine ndinayamba kufufuza m'mabuku kuti mwina pali matenda ena amene madokotala sanawaone.

Sabata yatha kunawomba chimphepo. Mukudziwa inu kuti chimphepo chikagumula chikhoma cha dothi cha m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, madzi ake aja odzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku akaphwa amasiya pamchenga mano akalekale aja, akuda, osanduka mwala. Kutacha ndinapeza Amayi atavala kale jombo zawo.

"Thaddeus, undiperekeza kapena ndipite ndekha?"

Ndinawaperekeza. Inde, ndikudziwa. Ndinanyamula bulangete, mabandeji, mpando wopinda ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Kumtsinje tinapeza mnzawo uja, Mayi Verna Swann, atafika kale ndi sefa yawo. Atationa anagwa nako kuseka.

"Odessa, wabwera ndi chipatala chonse? Ine ndimayesa unatisiya kalekale. Ndatola kuno mpaka kutopa, popanda wondisokoneza."

"Utole chiyani iwe ndi maso akowo?" anatero Amayi. "Umatola zigoba za nkhono n'kumakanamiza adzukulu."

Tinayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa madzi, ine diso lina kumtsinje, lina kuchikhoma kuopa kuti chingatigumukire. Kenaka Amayi anaima chilili. Pafupi ndi phazi lawo panali dzino lalitali ngati chala changa, lathunthu, nsonga yosabenthuka. Lotere sindinalionepo chikhalire. Ndinawerama kuti ndiwatolere, ndipo anandikwapula ndi ndodo pamkono.

"Usayerekeze! Dzino ndi la amene walitola ndi dzanja lake. Ukaligwira iwe ndi lako, ndipo ine sindilandira zondipatsa ngati khanda."

Lamulo lija, Achemwali, lomwe tinkamenyanirana tili ana. Ndinawakumbutsa kuti dokotala analetsa kuwerama.

"Ndani wati ndiwerama? Ndigwada."

Madzi anali atayamba kubwerera. Mayi Verna anasendera pafupi n'kunena kuti, "Fulumira, nkhalamba iwe. Funde likalikankhira kwa ine nditola, ndipo sindikumvera chisoni." Ndinafuna kuwayankha zoipa, koma ndinaona kuti sefa aponya pansi, aima kumbuyo kwa Amayi atatambasula manja.

Amayi ndikanatha kuwanyamula mokakamiza n'kubwerera nawo kugalimoto. Mphamvu ndinali nazo. Ndinangowagwirira ndodo.

Sindinganene kuti anagwa. Tinene kuti anakhala pansi mofulumira kuposa mmene ankafunira. Funde linawanyowetsa mpaka m'chiuno, madzi anavunduka, dzino osaonekanso. Ndinawachonderera kuti tizipita, iwo akungofufuza m'matope ndi manja onse awiri, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Mwadzidzidzi anakweza dzanja.

"Verna! Bwera udzaone mmene dzino limaonekera!"

Kudzuka kunakanika. Tinawadzutsa awiri, Mayi Verna akudandaula kuti munthu wosadya sangalemere chonchi, wina akunama. Chigoba cha nkhono chinawacheka Amayi pabondo, ndipo kuchipatala anawasoka pang'ono. Chiuno anachijambula, chili bwinobwino. Dokotala anandikalipira anamwino akumva, ine n'kungoti zoona, zoona. Koma madzulo ake Amayi anamaliza mbale yonse ya nsomba ndi buledi wa chimanga, n'kufunsa ngati zatsala.

Mudzati akanathyokanso. Zoona, ndipo tsiku lina mwina adzathyokadi. Palibe ngozi imene mungatchule yomwe sindinaiganizire kale, inu mukundidziwa. Ndimaopa kuposa inu, chifukwa ndine amene ndimakhala nditaima pomwepo. Koma kwanuko adzangowasinthira windo, azikayang'ana mchenga wopanda madzi, opanda Verna wowatukwana. Adzakhala otetezeka, inde, ndipo chakudya adzachisiyanso. Mantha sindingawathawe kulikonse, ndiye ndasankha oti ndizikhala nawo. Sindikupempha chilolezo, Achemwali, ndikungokudziwitsani. Mapepala a kumeneko sindisayina.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Amayi akupereka moni wambiri. Anandiuza kuti za bondo ndisalembe, akuti mukamva mulira nokha kukhitchini ana asakuona, ndipo akudziwa kuti zonsezi mukuchita chifukwa muli kutali. Ine ndalemba, popeza ndi amayi anu inunso.

Loweruka likubwerali madzi adzaphwa bwino m'mawa, ndipo tidzakhala kumtsinje. Mukafuna kundikalipira, bwerani mudzandikalipire komweko, Amayi akumva. Chipinda chanu ndakonza kale.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Thaddeus