Ndinawauza Kuti Safiya Ali ndi Mayi

Chia, Nkhotakota
12 Julayi 2020

Mwana wanga Shamsa,

Asalamu aleikum. Uli bwanji ku Lilongweko, iwe ndi amuna ako a Ikram ndi ana? Ife kuno tikupuma, alhamdulillahi. Bondo lija ndi lomwe lija. Mpunga tamweta, koma mbalame zinayamba kumweta ife tisanafike. Akundilembera ndi a Layson oyandikana nafe, ndipo ndawauza alembe mmene ndikulankhuliramu, asasalaze kalikonse.

Ukudziwa kuti sukulu anatseka m'Malichi chifukwa cha korona. Safiya wakhala pakhomo miyezi inayi, chonsecho ali Sitandade 8. Akuti ana azimvera maphunziro pa wailesi. Wailesi yangayi imalankhula ukaimenya m'mbali, ndipo ikadzuka imapeza nyimbo zokhazokha.

Mwezi wathawu kunabwera bungwe lina, n'kutsegula kalasi imodzi, malo makumi awiri basi. Akutenga ana a anthu amene ntchito yawo siyiima, anamwino ndi apolisi, komanso ana amasiye. Amakhala motalikirana, amasamba m'manja pandowa, amamwa phala, ndipo kutsogolo kumaima mphunzitsi weniweni wa choko m'manja.

Tsiku lolembetsa ndinavala mkanjo wanga wa Lachisanu, n'kumutenga Safiya. Wolemba anali mtsikana wa msinkhu wako, kansalu kukamwa, kamakina m'manja. Anafunsa za bambo ake a Safiya. Ndinati anapita ku Joni mwana ali m'mimba, sitidziwa ngati akudya kapena anadyedwa. Kenaka anafunsa ngati amayi ake alipo.

Shamsa, ndisaname. Ndinamva bwinobwino chimene ankafunsa. Koma Safiya anali pambali panga, maso ake ali pakamwa panga.

Iwe ukukumbukira sadaka ya masiku makumi anayi ya mkulu wako Madina, mayi ake omubereka Safiya. Mbumba yonse inakhala pansi, amalume ako a Khalidi anamunyamula Safiya ali ndi zaka zitatu n'kumuika pamiyendo pako. Unamubereka ndi chitenje cha malemu, n'kunena pamaso pa shehe kuti iwe ukupuma, munthu asadzamutchule mwanayu wamasiye. Palibe anakukakamiza. Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pano mawu amenewo sanatulukepo. Ndiye ine ndikanawatulutsa pamzere, pamaso pa mlendo, chifukwa cha phala?

Ndinati amayi ake alipo, ali ku Lilongwe. Ndipo ukundidziwa, pakamwa pangapa sipadziwa poima. Zaka zonsezi ndakhala ndikusimbira anthu nkhani kudoko akusoka maukonde, mpaka ena kuiwala singano m'manja. Ndinayamba kukusimba iwe, mmene unkamusambitsira, mmene unamugulira yunifolomu yoyamba. Mtsikana uja anagunda kamakina kake kamodzi n'kuitana wotsatira, Safiya osamutenga.

Wotsatirayo anali Zangaphee, uja wa mabwato. Analembetsa ana ake awiri kuti ndi amasiye, iye mwini ataima pomwepo, mimba kutsogolo, akudzitcha malume wawo. Onse awiri anawatenga. Potuluka anandiuza kuti iye wafa mphindi zisanu zokha ana ake alowa sukulu, ine ndakhala wamoyo ndi ulemu wanga, ndikauphike tidzadye. Anthu anaseka. Safiya sanaseke. M'njira anandigwira dzanja, chinthu chimene anasiya kalekale.

M'mawa mwake ndinabwererako ndekha. Ndinawauza kuti amayi akewo amakolopa m'chipatala, m'mawodi momwe muli matendawa. Anati ngati ndi choncho mwanayo ndi woyenera, ndingobweretsa kalata ya chidindo yochokera kuntchito kwako yonena kuti ndi mwana wako. Ndinabwera kunyumba ndikuyenda ngati bondo ndi la wina.

Ndinakuimbira pa foni ya a Layson. Anayankha a Ikram. Anati m'mapepala ako a ntchito muli ana atatu, kuwonjezera wachinayi ndi bodza, ndipo bodza limachotsetsa ntchito. Ndinati andipatse iwe. Anati wagona, watopa. Mwana wanga, ndine wokalamba koma makutu ndili nawo. Ndinakumva ukufunsa chapansipansi ngati ndadula.

Bodza. Ndiye amene ananama ndani? Ine pamzere paja, kapena iwe pa sadaka paja? Zaka zinayi zatha usanaponde kuno. Pa Idi mwanayu amasesa bwalo kawiri, akuti mwina amama abwera.

Tsopano imva chimene chandilembetsa. Mnzake Sumaiya anakwatiwa mwezi watha, wazaka khumi ndi zisanu. Kuno kwabwera Ramsey, wogula mpunga, amene ali kale ndi akazi awiri ku Dwangwa. Sikelo yake amaipachika pamtengo wathu wa mango, ngati m'mudzi muno mulibe mitengo ina. Mpunga wathu anagula kalekale koma sachoka. Dzana ndinapeza mafuta odzola m'chikwama cha mabuku cha Safiya, mabuku ali pansi pa mphasa. Nditamufunsa anati sukulu mwina sizidzatsegulidwanso, nanga azidikira chiyani. Ine wa nkhani zambirimbiri ndinangotola mabukuwo n'kuwabwezera m'chikwama.

Malo amodzi atseguka, chifukwa wapolisi wina amusamutsa ndi mwana wake. Andisungira mpaka Lachisanu la pa 24. Njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi kalata yako. Yachiwiri, popeza Madina anamwalirira pakhomo opanda pepala lililonse, akuti ndipite ndi shehe adzachitire umboni, ndipo Safiya anene ndi pakamwa pake kuti alibe mayi, alibe womuyang'anira kupatula nkhalamba iyi.

Sindikupempha kuti umutenge. Sindikupempha kanthu kodya. Pita kwa akuluakulu ako, uwauze zoona zake zonse, za Madina, za chitenje chija, alembe mmene angathere. Ngati akana, akane iwowo, osati iwe. Kalatayo upatse a Usman a minibasi amene akubweretsera inoyi.

Ikapanda kufika pofika Lachinayi, Lachisanu ndikatuluka mumzikiti ndimutenga shehe ndi mwanayu tipite. Sukulu alowa, zimenezo ndatsimikiza, sindimupereka kwa Ramsey. Koma ndidzayamba ndamukhazika pansi n'kumuuza kuti pamzere paja agogo ake analakwitsa, Zangaphee ananama koma ine ndinanama koposa. Ndipo ukadzabwera kuno usadzandifunse chifukwa chake akukupatsa moni wa alendo.

Undiperekere moni kwa ana, uwauze agogo akuwasungira mpunga watsopano. A Ikram uwapatsenso moni, ndinaphunzitsidwa choncho. Allah akutchinjirize m'mawodimo, akupatse mpweya wautali, pakuti unalumbira pa mpweya umenewo.

Ndine bambo ako,
Fakiri Hamza