Mpando Woyang'ana Kumbuyo

Mildura
12 Febuluwale 2019

Okondedwa achemwali anga a Glenys,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuzunzani ndi chisanu cha ku Hobart. Kuno dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira, mphesa ayamba kuthyola, ndipo ntchentche zachita kutilanda tauni. Ine m'thupi muli bwino. Mumtima ndiye ayi. Ndanyansidwa, achemwali, ndipo mukapanda kundimvera inu sindikudziwa wina amene angandimvere.

Nkhani yake ndi ya mpando wa m'boti la bambo. Musaseke.

Mukukumbukira mmene bambo anaupangira mpando woyang'ana kumbuyo uja? Tinjanji tiwiri tachitsulo tamabowomabowo pansi pa boti, mpando n'kumayenda pamenepo, ndi mapini anayi oukhomera pamene munthu wafuna. Ukazula mapini mpando umatuluka wonse, n'chifukwa chake Lamulungu tinkauchotsa n'kuikapo bokosi la ayezi popita kowedza. Aliyense amene anakhalapo anali ndi bowo lake. La amayi linali lakumapeto, lopakidwa utoto wofiira wa m'zikhadabo, ndipo langa ndi lachikasu, pafupi ndi popondera chifukwa cha timiyendo tangati. Lamulo la bambo linali limodzi: wokhalapo ndiye amalowetsa mapini ndi dzanja lake, wina asamuchitire. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala pampando umenewo, msana utaloza kumene boti likupita, maso ali pa munthu wotsetsereka pamadzi kumapeto kwa chingwe chokokedwa ndi botilo. Akakweza dzanja ndimakweza langa kuuza woyendetsa kuti aonjeze moto, akatsitsa ndimatsitsa kumuuza achepetse, akagwa ndine woyamba kuona. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazi munthu wakuchingweyo ndi mwana wanga Tamsin.

Lachinayi ndinapita kushedi kwa mlongo wathu Warwick, amene ali pa chiwongolero masiku ano, kukapukuta boti, poti Loweruka kunali mpikisano waung'ono wa kalabu yathu. Nditavundukula lona, fungo lokha linandibweza m'mbuyo. Pampando panga panali sosi wa tomato wouma, nyenyeswa za payi, kachitumbuwa ka nyama kaja, zili thoo m'misoko, ndipo nditapisa dzanja kunsi ndinagwira chingamu chotafuna kale. Ndinachita nseru. Koma zimenezo n'zochapa. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti mpando unali utakankhidwa kupitirira mabowo onse a bambo. Wina anaboola ake atsopano, okhota ngati anaboola ataledzera, ndipo limodzi linadya theka la bowo lofiira la amayi. Pini imodzi kunalibe. M'malo mwake munali chikhomo cha tenti, chopindika, chadzimbiri.

"Iwe Warwick! Ndani wachita zonyansazi?"

Anatulukira akupukuta manja pa kabudula. "Aaa Noelene, usayambe. Ndi Gav. Miyendo yake ndi yaitali, ndiye tinangoonjezera pang'ono."

Gav ameneyu simumudziwa. Ndi mnzake wa Warwick wogulitsa matayala, wamtali ngati mtengo wa magetsi, uja amayamba kuseka asanamalize nthabwala yake yomwe.

"Gav akufunanji pampando panga?"

"Timangoyeserera basi."

"Tamsin ali kuchingwe? Munthu atakhalira chikhomo cha tenti?"

"Chagwira bwinobwino chimenecho. Tagwedeza uone."

Ndinagwedeza, mpando n'kumati gwede gwede pamaso pake pomwepo. Ndinati, "Boti likamenya funde pa liwiro lija chikhomochi chithyoka, chimnzakocho chidzakugwera pa chiwongolero, mwana wanga adzagwa popanda womuona. Bambo akanakhalapo akanakusosola ndi sipanala."

"Bambo anapita, mlongo wanga. Boti likufuna kuthamanga."

Ndinazula mapini atatuwo, chikhomo ndinamuponyera kumapazi, mpando ndinaunyamula ndekha mpaka m'galimoto. Mukudziwa kuti popanda woyang'ana kumbuyo wokhala pampando wokhoma bwino, akuluakulu a mpikisano salola boti kukhudza madzi. Ndinati tione mukhalira chiyani. Iye anakuwa ndili kale pageti, "Tikhomera wapulasitiki wa pakhonde!" Ndipo mukumudziwa Warwick, akhoza kuchitadi.

Mpaka apa mukuti mng'ono wanu anachita bwino, ndipo inenso ndinagona ndikudziyamikira. Dikirani.

Lachisanu masana Tamsin anandipeza pakhonde ndikukwecha mpando ndi burashi. Sanakhale pansi.

"Amayi, bwezani mpando."

"Ukawauze amalume ako kuti moyo wako sindingaupereke kwa munthu womata chingamu kunsi kwa mpando."

"Si amalume. Ndine ndinawapempha a Gav."

Burashi inandigwa m'manja. Ndinati, "Iweyo? Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ine ndikakweza dzanja, a Gav amakwezanso. Inu ndikakweza, mumayamba mwandiyang'ana nkhope. Nthawi zina mumatsitsa ine ndisanapemphe. Chingwe n'chachitali, Amayi, koma maso ndili nawo. Ndimakuonani."

"Ndimaona ukatopa, mwana iwe."

"Kutopa ndi kwanga. Ndikatopa ndinena ndekha."

Ananena zimenezi osakweza mawu n'komwe, kenaka anatola burashi n'kundipatsa, n'kumapita.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinauzepo munthu. Mwanayo sakunama. Mukukumbukira zaka zitatu zapitazo atagwa pakona ija ya kumtunda kwa mtsinje, anagubuduka pamadzi kasanu n'kugona chafufumimba? Anthu amati anatembenuka msanga. Kwa ine amene ndinkamuona boti likundithawitsa kwa iye, sikunali msanga. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumeza zizindikiro zake. Akati onjezani, dzanja langa limangokhala phee pabondo. Tikayandikira kona ndimamugwira Warwick paphewa kuti achepetse, mwana asananene kanthu. Zaka zitatu akumaliza wachitatu, wachinayi, kumadziimba mlandu kuti miyendo yake ndi yofooka, kumadzuka m'mamawa kukathamanga m'minda ya mphesa. Warwick anamasula injini yonse kawiri kufunafuna chimene chikudya liwiro, ine ndili pomwepo kumuthirira tiyi, pakamwa nditatseka. Ndiye ndine ndani woti ndizinyansidwa ndi chikhomo cha tenti? Anyani sasekana zikundu, achemwali. Warwick ndi mnzakeyo anachita zauve ndi zaulesi, koma sananamize munthu. Wonama m'boti limene lija ndinali ine, ndipo nseru imene ndili nayo tsopano ndi ya ine mwini.

Komabe zonyansa n'zonyansa, ndipo mwana wanga sakanakokedwa ndi boti la mpando wogwedera. Loweruka ndinalawirira kushedi ndi zida za bambo. Mabowo okhotawo ndinawatseka powotcherera, ndinaonjezera kachitsulo kumapeto kwa tinjanji, n'kuboola ena oongoka molingana ndi miyendo ya chimunthu chija. Bowo la amayi ndinalikonza mmene ndikanathera, koma chipsera chikuoneka. Warwick anangoima poteropo ngati mlendo. Atati alankhule ndinamuuza kuti agwire nyale atseke pakamwa.

Gav anafika akutafuna chingamu, kumwetulira kuli mbee.

"Mayi Noelene! Koma ndinu katswiri. Ingoikanitu mapiniwo, ine ndingasokoneze."

"Lavula kaye."

Analavulira m'dzanja, n'kuyamba kuyang'anayang'ana pomata.

"M'thumba mwako. Tsopano gwada. Wokhalapo ndiye amalowetsa."

Anagwada, chimunthu chonse chija, mawondo ali m'makutu. Ndinamulowetsetsa mapini katatu, kuzula n'kubwezera, mpaka anamva yekha kulira kwake pini ikakhala. Pa bowo lachinayi tinamanga bawuti yolimba, iye yemwe ndi sipanala, poti pini anaitaya mumtsinje ndipo akuti sakudziwa kuti inagwa bwanji. Kenaka ndinamuuza kuti maso ake asachoke pa Tamsin ngakhale boti litayaka moto, ndipo akamuona wagwa akuwe asanaganize. Apo sanaseke. Thukuta linali kamukamu, ndipo anati, "Ndamva, mayi." Ndinatsala pang'ono kumukhululukira, koma anaononga yekha.

"Nanga bowo langa tipake mtundu wanji?"

"Paka sosi," ndinatero.

Ndiye kwa nthawi yoyamba chikhalire ndinaonera mpikisano ndili pagombe, pakati pa anthu odya soseji ndi ana olira. Achemwali, bwanji simunandiuze kuti n'zoopsa chonchi? M'boti umamuona munthu wako njira yonse, ngakhale mmene wakulumira mano. Pagombe umangomva kubangula kwa injini kuseri kwa mitengo, kenaka boti vuu, chingwe, kenaka kanthu kakang'ono kovala chipewa chalalanje, basi kapita. Sindinaone n'komwe nkhope yake. Mayi wina amene anaima pambali panga anandifunsa ngati ntchentche zikundivuta, ndipo nditadziyang'ana ndinapeza dzanja langa likutsika, likutsika, kuuza mphepo kuti ichepetse.

Anapambana. Sanangopambana, anadula nthawi yake yakale ndi masekondi makumi anayi, injini yake yomweyo, miyendo yake yomweyo. Warwick anandiyang'ana kamodzi ali m'boti, ndipo ndinadziwa kuti wawerengera yekha za injini ija, koma sananene kanthu mpaka lero. Bola akanandilalatira. Tamsin anatuluka m'madzi, anadutsa anthu onse omuombera m'manja n'kudzandikumbatira ali chinyowere. Anati, "Mwaona, Amayi?" Ndinati ndaona. Limenelo ndi bodza langa lomaliza kwa iye, ndalumbira.

Tsopano pempho langa. Bambo anasula mapini asanu, inayi ya m'boti ndi imodzi yapadera, ija munaitenga pamaliro n'kuimangirira ku makiyi anu. Ndikudziwa kuti ndi chokhacho cha m'manja mwawo chimene munapita nacho kutsidya kwa nyanja, ndipo sindikanapempha chikanakhala china. Koma mpikisano waukulu uli pa 9 Malichi, makilomita ochuluka ndi makona oipa, ndipo bawuti ija sindikuikhulupirira chifukwa imamasuka ndi kunjenjemera kwa boti. Za m'sitolo ndaziyesa, zonse zikugwedera m'mabowo a bambo. Ndikufuna munthu uja akhale pa mapini anayi enieni. Sindikumukonda, amanditcha "mayi wa mapini" ndipo dzulo ndinapezanso pepala la payi pansi pa mpando, koma maso ake ndiwo maso anga tsopano.

Musaitumize papositi, ingasowe. Bwerani nayo nokha. Chipinda cha kumbuyo ndachikonza, ndipo bondolo likayamika kutentha kwa kuno.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti jamu wa maapurikoti ndawasungira mabotolo awiri. Moni kwa mwana wanu Bronte ndi khanda lake. Mumuuze alinyamule kwambiri pamene likulola kunyamulidwa. Warwick akupereka moni, ngakhale sanandiuze. Tamsin akuti amayi ake aakulu asalephere kubwera. Ine ndili ndi funso limodzi loti mudzandiyankhe tikadzaima limodzi pagombe tsiku limenelo. Zaka zonse zija inu munkaima pamenepo, bambo ali pa chiwongolero, amayi ali pampando, ine mng'ono wanu ndili kumapeto kwa chingwe, manja munkawaika pati? Mukadzaona langa layamba kutsika, mudzaligwire.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Noelene