Nkhata ya Nasibeko

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana mwadzuka bwino. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa kuno kwandipatsa chimfine.

Kushopu ya maluwa ija ndimagwirako ntchito kuno ku Crumlin malonda sakuyenda. Mbewu anthu akugula m'masupamaketi, moti makabati akale amene agogo awo a bwana ankasungamo mbewu angodzaza fumbi. Tikudyera maliro basi. Kuno nkhata ya pamaliro amailuka ngati zilembo za dzina la womwalirayo, ndipo woluka ndine.

Mwezi wathawu, ndili ku lanchi, kunabwera bambo wina wachikuda wovala chipewa n'kusiya oda. Nditabwerako, bwana anandipatsa dzina loti ndiluke: NASIBEKO. Achemwali, kuno aliyense amandidziwa kuti Grace. Ankandiitana Nasibeko ndani kupatula malemu bambo?

Ndinafunsa bwana kuti malirowo ali kuti. Iwo anati, "Sanatchule. Angoti mwini wake adzatenga yekha."

Ndinailukabe, poti ntchito ndi ntchito. Mpaka lero palibe wabwera. Maluwa ena amene tinapikula tsiku lomwelo anafota kalekale, tinataya. Koma nkhatayo ikadali mbee, ngati ndailuka dzulo.

Chonde pitani kumanda mukalambule pamene anagona bambo, mukawauze kuti sindinawaiwale. Abusa nawonso andipempherere. Mulungu akusungeni nonse.

M'mawa uno potsegula shopu ndamva wina kumbuyo kwanga akundiitana dzina lija. Sindinavomere.

Ine mng'ono wanu,
Grace