Musatumize Galimoto Loweruka

Delft, Cape Town

Okondedwa Azakhali a Nozuko,

Ndikhulupirira muli bwino ku Cofimvaba pamodzi ndi onse apakhomo. Bondo lija likukuvutanibe? Kuno tadzuka, sukulu ikuyenda, kungoti mphepo yanyanya.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndimangoti "eya, Azakhali" mpaka mudule. Ndiwapatsira Mayi Dyantyi, aneba athu, omwe akukwera basi mawa.

Ndamva kuti mwauza Bambo aang'ono a Vuyile abwere Loweruka kudzatenga amayi, ati makina a kuchipatala akuwaononga mutu. Chonde musatumize galimotoyo. Ndine ndimawaperekeza ndikaweruka, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona.

Si magetsi ootcha ubongo monga anthu akunenera. Amayi amakhala pampando ali maso, kachitsulo ka maginito katagunda mutu wawo kumanzere, n'kumalira kuti kho-kho-kho. Iwo amakatchula kuti gogomole. Madokotala anayamba zimenezi ataona kuti mapiritsi alephera kuchotsa chisoni chomwe chinawagwetsa chimwalirire bambo.

Mphamvu yake siifanana kwa aliyense. Tsiku loyamba amamuyesa munthu ngati kwa telala. Amasuntha kachitsuloko pamutu, akuonjezera mphamvu pang'onopang'ono, mpaka chala chachikulu chakumanja chidumphe chokha. Apo ndi pomwe amadziwira mlingo wake, kenaka amalemba malowo pa kachipewa kansalu. Madala ena omwe timakhala nawo pa benchi, a Jacobs, amadzitama kuti mlingo wawo ndi waukulu chifukwa nzeru zinachuluka. Namwino wathu, Sisita Arendse, amawayankha kuti ayi, changokula ndi chigaza.

Amayi anawayesa ali ndi tsitsi lawo lija lambiri. Mukudziwa kuti savula duku pamaso pa mwamuna, ndipo woyendetsa makinawo ndi mwamuna. Ndiye anawalola kuvala duku lopyapyala, chipewa pamwamba.

Kenaka tinabwera kumudzi kudzavula zovala zamaliro, ndipo munawameta ndinu monga mwa mwambo. Titabwerera kuno sanauze aliyense. Duku lomwelo, chipewa chomwecho. Koma tsitsi lija linali ngati nkhata. Litachoka, kachitsulo kanayandikira fupa, mphamvu ili yomwe ija. Tsiku limenelo tsaya lawo linkanjenjemera lokha, misozi ili chuchuchu, koma atafunsidwa anati ali bwino. Titafika kunyumba ndi pomwe anakuimbirani akulira.

Mawa lake anakana kupita. Ndinapita ndekha kukanena kuti asiya. Sisita anandifunsa ngati pali chomwe chasintha. Ndinakumbukira kuti dzulo lake chipewa chinkangokhwepa, ndipo ndinanena za kumetako. Ndikudziwa kuti mwana wamwamuna sakamba za mutu wa mayi ake kwa alendo, ndipo amayi sanandilankhule tsiku lonse. Koma Sisita anagwira pakamwa, anati cholakwa n'chawo posafunsa. Anawaimbira amayi n'kulonjeza kuti adzawayesanso adokotala aakazi, chitseko chili chotseka, amuna onse panja, ine ndemwe.

Anawayesadi ali mutu pamtunda. Mlingo unatsika, ndipo mutu unaleka kupweteka.

Sindikunena kuti achira. Adokotala anatiuza poyera kuti ena siziwathandiza. Koma ine ndimakhala nawo. Kale ndinkati ndikaweruka ndinkapeza tiyi wam'mawa ali pomwe ndinamusiya, makatani otseka. Sabata ino ndinawapeza panja akukangana ndi wogulitsa nsomba za snoek, akumuuza kuti nsomba yake inamwalira agogo ake asanamwalire. Dzulo anandikalipira chifukwa cha masokosi omwe ndinaunjika kunsi kwa bedi. Ndinalephera kudzigwira.

"Ukusekerera chiyani, chitsiru iwe?" anatero.

Ndinangopitiriza kusekerera. Ndinali nditaiwala mawu awo akakwiya.

Kwatsala masabata ochepa kuti amalize, ndipo kumudzi kulibe makina amenewa. Akachoka pano ndiye kuti zathera panjira. Ndikudziwa kuti mukuchita izi chifukwa mumawakonda. Ngati simukundikhulupirira, bwerani inuyo mudzakhale nafe pa benchi paja. Bedi langa ndikupatsani.

Ndisanatseke kalatayi ndawafunsa amayi ngati akufuna kupita Loweruka. Anali akusita, ndipo sanatukule n'komwe mutu.

"Uwauze alamu anga kuti ndibwera pa Khisimisi, pa basi, ndekha. Sindine thumba la chimanga loti azichita kulitumizira galimoto."

Ndalemba monga anenera, musandikwiyire ine.

Mundiperekere moni kwa Bambo aang'ono, kwa Zintle ndi kwa onse apakhomo. Mulungu akusungeni, ndipo bondolo lipole.

Ndine mwana wanu,
Masixole