Tebulo ndaliika pazenera

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Kuno matenda palibe, kungoti kwazizira ndipo dzuwa likumalowa msanga.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidziwa, ndimangoti eya, eya, mpaka tidule. Papepala mwina ndinena.

Alamu anu awaitana ku yunivesite ina, kutali ndi kuno. Akuti kumeneko akawapatsa gulu lawolawo la ofufuza, sakakhalanso pansi pa munthu. Ndi chimene akhala akuchifuna kuyambira ali pasukulu. Ayenera kuyankha mwezi uno usanathe. Akavomera, ndiye kuti tikumanganso katundu.

Munandifunsapo kuti ntchito yawo ndi yotani, ine n'kungoti ya makompyuta. Tsopano ndikuidziwako pang'ono, poti amandifotokozera tikamadya, mbale ndi makapu kusanduka zitsanzo mpaka chakudya kuzizira. Akuti m'kompyuta muli pulogalamu yaikulu yolamulira zonse, imene imagawira mapulogalamu ena malo ndi nthawi kuti asalimbirane. Iwo amafufuza imeneyo. Amatha kugawa makina amodzi kuti mukhale makompyuta ambiri ongoyerekeza, iliyonse n'kumayesa kuti ili yokha. Chimene chawatchukitsa n'chakuti amachotsa kompyuta yoyerekezayo m'makina awa n'kuipititsa m'makina ena ili mkati mogwira ntchito, iyo osazindikira kuti yasamuka. Akuti chofunika n'chakuti ikafika uko ipeze zonse zili monga inazisiyira.

Ndinafikako kamodzi kuntchito kwawoko, kukawapatsira makiyi amene anaiwala. Chipinda chozizira ngati firiji, makina osanjikizana mpaka kudenga, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Anzawo anandipatsa moni mwaulemu, ine maso ali pa nsapato zanga.

Tsono, Achemwali, pamene tinkasamukira kuno, alamu anu anatsogola. Asananyamuke anajambula pafoni chipinda chilichonse cha nyumba yakale ija, ngakhale mkati mwa kabati. Nditafika ndinapeza makatani omwe aja, tebulo kukhoma lakumanzere, masupuni m'dilowa yake, kalilole wong'aluka uja ali pamsomali. Anaima pakhomo akumwetulira, n'kundifunsa ngati chilichonse chili m'malo mwake. Ndinati eya. Anasangalala ngati mwana. Sindinawauze kuti ndikatsegula katani sindikuwaonanso mayi aja ankayanika zovala kutsidya kwa msewu, amene tinkakwezerana dzanja m'mawa. Dzina lawo sindinalidziwe, koma m'tauni yonse ija ndi iwo okha amene ankandidziwa nkhope.

Kuno ndinakhala miyezi osayankhula ndi munthu kupatula wa m'sitolo. Timakhala pamwamba, m'chinyumba cha zitseko zofanana. Umamva madzi akuyenda m'mapaipi a anzako, mwana akulira kuseri kwa khoma, koma mukakumana pamasitepe aliyense maso pansi.

Kenaka zipi ya jekete la alamu anu inafa. Ndinapita nalo kwa atelala a pansi pathu, mayi achikulire ovala magalasi kunsonga kwa mphuno. Anandifunsa mafunso, ine kumangogwedeza mutu. Mapeto ake anandipatsa singano, amvekere ngati manja anga si aulesi ngati pakamwa panga, ndiwasokerere mabatani. Kuyambira pamenepo ndimatsika masana aliwonse. Ndili ndi mpando wanga, wogwedera mwendo umodzi, pafupi ndi simbi. Amanditcha Wailesi, ati ndimawasokosa. Tsiku lina mutu unandiwawa sindinatsike. Anakwera masitepe onse aja ndi mawondo awo ovutawo kudzagogoda, akulalata kuti wailesi yawo yatha mabatire osatsanzika.

Sabata yatha ndinapeza alamu anu akujambulanso mkati mwa kabati. Anandiuza kuti ndisadandaule, ulendo unonso sindidzamva n'komwe kuti tasamuka. Mawa lake atapita kuntchito ndinakoka tebulo lija n'kuliika pazenera, masupuni n'kuwakhuthulira m'dilowa ina, makatani n'kuwamasula. Ndinkachita ngati ndikuba m'nyumba mwa eni.

Atabwera madzulo anapunthwa pampando. Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa ngati munalowa akuba. Ndinati ndine.

"Nanga zithunzi zanga zija, mayi? Ndiyambirenso?"

"Yambiraninso, bambo. Koma mutsike mukajambulenso atelala. Muone ngati angalowe m'katoni."

Anakhala pansi jekete osavula. Kenaka anati sankadziwa kuti pansi pathu pali atelala. Munthu wodutsa pakhomo pawo tsiku ndi tsiku, atavala zipi yosoka iwowo. Anandifunsa ngati ulendo watha uja ndinamva kuti tasamuka. Ndinati ndinamva. Anati nanga bwanji sindinanene. Ndinati iwo anafunsa za katundu, ine ndinayankha za katundu.

Musandimve molakwa, si munthu woipa. Zithunzi zijanso ankajambula pondiganizira, mwa njira imene amaidziwa. Ntchitoyi aivutikira ine ndikuona: maso kufiira, imvi kuyamba, zolemba zawo kuwabwezera iwo n'kuyambiranso. Sindikufuna kuti tsiku lina adzandiyang'ane n'kuona munthu amene anawatsekera njira. Mwina tipita ndithu. Koma ngati n'kupita, ndipite ndikudziwa, nditatsanzika bwinobwino, ndilire kulira kwanga.

Pempho langa ndi limodzi. Anena kuti akuimbirani Lamlungu kuti muwathandize maganizo, poti ndinu munandilera. Ulendo watha munawauza kuti mng'ono wanu ndi wofatsa, amakhala paliponse pamene wamuika. Munkandiyamikira, ndikudziwa. Ulendo uno musatero. Musawauzenso kuti akane kapena avomere. Ingowauzani kuti mwiniwake ali momwemo m'nyumbamo, amufunse. Ndichedwa kuyankha, koma muwauze adikire.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino. Moni kwa alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Mwana wanu wamkazi wamkuluyo mumuuze kuti ndikumusokera diresi, atelala andidulira kale nsalu.

Tebulo likadali pazenera. Sanalibwezeretse kukhoma, ndipo kalatayi ndikulembera pomwepo.

Ndine mng'ono wanu,
amene kuno akumutcha Wailesi