Misozi Imene Amalume Anaiona pa Foni

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ife ku Germantown, ku America kuno, tilipo. Kwa achimwene Madalitso ku Wheaton kwabadwa mwana wamkazi, ndipo tamutcha Esinati, dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni. Mdzukulu wanu Thoko wayamba kuyendetsa galimoto, moti ine mtima umakhala m'mwamba tsiku lililonse. Maungu ndinabzalanso kuseri kwa nyumba monga munkachitira, koma agwape a kuno alibe ulemu, anadya mpaka maluwa omwe. Nkhwani chaka chino sitinalawe.

Koma chimene ndakhalira pansi si chimenecho. Ndili ndi nkhani yonyansa, ndipo ine ndili momwemo.

Mukuikumbukira timu ya basiketibolo ya mumzinda muno, masewero amene munkawatcha ntchemberembaye ya amuna? Zaka zonse zimene munakhala nafe kulera Thoko, anyamata aja ankangoluza, inu muli pampando wanu kukalipira wosewera wamtali uja pa TV: "Iwe, patsira mnzako mpirawo! Unabadwa wekha kodi?" Ndiye taonani, inu mutangopita iwo anayamba kuwina. Kuwina kuyambira nthawi yozizira mpaka mitengo kuphukira, osachita manyazi n'komwe. Ine zinandipsetsa mtima, koma ndinkaonerabe.

Analowa mu chipulula. Kuno matimu awiri amakumana mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo woyamba kupambana kanayi ndiye amapitirira. Anafika pofanana ndi timu inayo, katatu katatu. Masewero omaliza anawaika Lamlungu masana, tsiku lomwelo limene tinakonza mapemphero okumbukira kuti patha chaka chimwalirireni inu.

Anthu anabwera, pabalaza panadzaza. Tinaimbira foni amalume ku Ntcheu kuti afotokoze mbiri yanu, popeza mwa abale anu atsala okha. Foniyo tinaiimika pashelefu, n'kuilumikiza ku TV kuti aoneke bwino ndi kumveka. Anayamba bwinobwino, za mmene munkayendera wapansi kupita kusukulu. Kenaka netiweki inadula, nkhope yawo n'kuuma. Achimwene anatola rimoti, amvekere, "Podikirapa tingoona zigoli, sekondi imodzi." Mwamuna wanga, bambo a Thoko, anangoyang'ana pansi ngati sakumva. Palibe anatsutsa. Ngakhale ine, Amayi, ndinatembenukira ku TV komweko.

Kunatsala mphindi ziwiri, ife tili patsogolo pang'ono. Tonse tinaimirira, ndi amayi a mvano omwe, mabuku a nyimbo ali m'manja. Chimene sitinadziwe n'chakuti netiweki inali itabwerera. Amalume ankapitiriza kulankhula pa kafoni paja, ife osawamva, koma iwo akutiona tonse bwinobwino.

Timu inayo inatipitirira. Mpira womaliza unagwera m'manja mwa wamtali yemwe uja. Mnzake anali yekhayekha pansi pa chigoli, manja ali m'mwamba, kupempha. Iye ayi, anaponya yekha ali kutali, mpira n'kugunda chitsulo, n'kubwerera. Basi, chaka chonse kuthera pomwepo. Asa! Munkanena inu kuti mwana ameneyu ndi wodzikonda.

Nyumba yonse inabuula. Achimwene anagwada pakapeti manja ali kumutu. Thoko anabisa nkhope pakhoma. Ine misozi inangoti mbwe, osaletseka. Amayi, pamaliro anu sindinalire chonchi, ndinali pa kalikiliki wa mapepala onyamulira thupi lanu kupita kumudzi. Ndinkati ndidzalira ndikadzapuma. Ndiye kudzalirira mpira wogunda chitsulo?

Achimwene atabweza TV, amalume anatulukira akupukuta m'maso ndi kansalu. Anati, "Ana inu, ine ndinkayesa America inakumezani. Nditangotchula mmene mlongo wanga anatsanzikira, nonse mwaimirira, mwalira chotere. Lero ndaona ndi maso anga. Mlongo wanga waliridwa."

Pabalaza onse anayang'ana ine, mwana wanu wamkazi mmodzi yekhayo. Ndipo ine ndinati, "Zikomo amalume."

Mawu amenewo akundinyansa mpaka lero. Ndikakhala pantchito ku Bethesda amandibwerera m'maganizo. Amalume auza mudzi wonse, ndipo azakhali atumiza uthenga woyamikira kuti munalera ana aulemu. Achimwene akuti tingozisiya, madala akondwa. Kwa achimwenewo n'kosavuta, ayamba kale kukamba za osewera amene timu igule chaka chamawa.

Ine sindizisiya. Ndapempha tchuti cha mu Ogasiti. Ndikagwada pamaso pa amalume ndi kuwauza chimene tinkaonera tsiku lija, andinene mmene angandinenere. Ndikachoka apo ndidzabwera kumanda kwanu ndekha, foni nditaisiya kunyumba, ndidzakupatseni misozi yanu.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale wochititsa manyazi,

Tiyamike