Timbale ta Malemu mu Mgolo wa Dongo

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA OUMBA MOSATAYA KANTHU

Tsiku: Lachinayi, pa 9 Meyi
Malo: M'shedi youmbiramo
Analipo: Wapampando, Mlembi, Woyang'anira ng'anjo, ndi Woyang'anira dongo, amene tonse timawatcha a Musataye
Sanabwere: Msungichuma, anapepesa
Mlendo: Mwana wamkazi wa malemu Mayi Timbale, amene ndi namwino

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo anapempha kuti tikhale chete pang'ono pokumbukira Mayi Timbale, woumba wamkulu pa tonsefe, amene anatisiya mwezi watha. Mipando inali yoperewera, koma wawo palibe anaukhalira.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawu

Mlembi anawerenga pempho limene malemu anapereka akudwala, loti timbale tawo tiwotchedwe msanga chifukwa ankafuna kupatsa mwana wawo. Komiti inakana potsatira lamulo lathu loti ng'anjo siyatsidwa isanadzaze, kuopa kuwononga nkhuni. Woyang'anira ng'anjo anapempha kuti mawu amene ananena tsikulo, akuti "nkhuni sizidziwa kuti munthu akudwala," afufutidwe. Wapampando anati zonenedwa zinanenedwa. Mawuwo akadalimo.

3. Timbale ta malemu

Mlendo anati wabwera kudzatenga timbale ta mayi ake, ngakhale tikhale tosawotcha. Anati ali m'chipatala mayi ake anamuuza kuti pansi pa kambale kalikonse anadindapo chala chawo chachikulu, kuti iye akamadya azigwira pomwepo.

Wapampando anayang'ana a Musataye, a Musataye anayang'ana pansi.

Kenako a Musataye anafotokoza kuti lamulo lathu lina limati zoumba zosawotcha zikakhalitsa pashelefu popanda mwini kuziyang'ana, zimaphwanyidwa n'kunyikidwa mu mgolo kuti dongo ligwirenso ntchito. Anati pa tsiku losesa anatsata lamulolo. Woyang'anira ng'anjo anafunsa ngati munthu ali pabedi la chipatala angabwere kudzayang'ana shelefu. A Musataye anayankha kuti ng'anjo ikadayatsidwa, pashelefupo pakadakhala palibe choti iwo aphwanye. Mawu ena amene awiriwa anaponyerana Mlembi sanawalembe, poti panali mlendo.

Wapampando anawakhazika chete. Anati malamulo awiri onsewa tinawakwezera manja tonse, ndipo tinkanyadira kuti pano ngakhale kachibenthu sikapita kudzala. Anauza mlendo kuti: "Mwanawe, tinasunga nkhuni, tinasunga dongo, koma za mayi ako sitinasunge. Tikupepesa." Mlembi akulemba pano kuti komiti yonse inagwidwa ndi manyazi.

Woyang'anira ng'anjo anadzipereka kuumba timbale tina ndi dongo la mu mgolomo. Mlendo anathokoza n'kunena kuti: "Koma chala chidzakhala chanu, bambo."

Chigamulo: kuyambira lero zoumba za membala wodwala zisakhudzidwe, ndipo akapempha, ng'anjo iyatsidwe ngakhale ili theka. Onse anavomereza. Palibe anawomba m'manja.

4. Zina ndi zina

Mlendo anapempha kuti auone mgolowo. A Musataye anavundukula. Iye anapinda mkono wa yunifomu yake yoyera, napisa dzanja m'dongomo mpaka m'chigongono. Atatulutsa, a Musataye mwachizolowezi anamusendezera ndowa imene tonse timasambamo tisanatuluke, kuti dongo la m'manja likhazikike pansi tidzaligwiritsenso ntchito. Mlendo anati: "Ayi, agogo. Ili lokha ndipita nalo."

A Musataye anabweza ndowa ija pamalo pake ndipo anakamutsegulira chitseko.

5. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhalako Lachinayi loyamba la mwezi wamawa. Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko madzulo. Madontho a dongo amene anagwa kuchokera pa mgolo mpaka pakhomo sanapalidwe.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________